Mwendo wa Ama ndi Msoti Wanga

Lachinayi, 10 Januwale 2019

Ama agwa lero. Ndinali m'kalasi ndikulemba samu pabolodi, ahedi anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Madamu Mavis, apongozi anu avulala kumtsinje." Ndinathamanga choko chili m'manja.

Amakavuula chinangwa chimene anaviika Lolemba. Mvula ya dzulo yasiya miyala ili tereretere. Anaterereka beseni lili pamutu, phazi lamanzere n'kulowa pakati pa miyala iwiri, thupi n'kupita kwina. Amayi amene anali nawo akuti kunamveka kuti thyo. Koma eni ake, pamene ndimafika, chimene amadandaula ndi chinangwa chimene chapita ndi madzi.

Kuchipatala cha pa Chintheche awamanga timatabwa n'kuwapatsa mankhwala opha ululu. Akuti mawa tikajambulitse ku Boma, ku Nkhata Bay.

Griffin ndamuimbira ku Joni. Amangoti "Ee? Ee?" Ndiye basi, mwamuna ali kutali, mayi ake ali m'manja mwanga, ine mtengwa wa ku Ntcheu amene ngakhale kondowole, nsima ya chinangwa, amandikanabe. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachisanu, 11 Januwale

Tsiku lonse ku Boma. Adokotala a mafupa ndi a Fraser, achinyamata ndithu, kwawo ku Zomba. Anakweza chithunzi pawindo n'kuloza ndi cholembera pamwamba pa kakolo. "Mwaona apa? Iyi ndi fulakicha."

Uphunzitsi sunandichoke, ndinafunsa kuti kodi ndiye kuti lathyoka kapena langong'aluka. Anaseka. Anati kwa iwo mawuwo ndi amodzi. Fupa likang'aluka ngati mphika, fulakicha. Likathyoka pawiri, fulakicha. Likaphwanyika tizidutswa, fulakicha yomweyo. N'chifukwa chake amajambula, kuti aone kuti mwa zonsezo chachitika n'chiti. La Ama lathyoka pawiri, koma mwamwayi nsonga zake zikuyang'anizanabe.

Awaika chikhakha kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo. Masabata sikisi, osaponda, osanyowetsa. Tibwerere pa 21 Febuluwale. Anandiyang'ana ine polankhula izi: "Akaponda msanga, nsongazo ziphonyana. Phazi lidzapola mokhota, apo ayi tidzawatumiza ku Mzuzu akawaike chitsulo. Pa msinkhu wawowu sindikufuna zimenezo."

Ama amangoti, "Yewu, yewu ukongwa, adokotala." Yewu ameneyo, zikomo wa Chitonga, ndimamudziwa. Ndi yemwe amandipatsa ine ndikawauza kuti achepetse mchere.

M'minibasi, tisanafike n'komwe pa Limphasa, anayang'ana minda ya mpunga pawindo n'kuti, "Ine kugona masabata sikisi? Cha! Nanga mpunga wanga awokera ndani?"

Lamulungu, 13 Januwale

Kutchalitchi sindinapite, tchalitchi ndi chimene chinabwera kuno. Amayi a Umanyano anadzaza pakhonde, anaimba nyimbo ziwiri, anapemphera. Zinali bwino.

Kenako kunabwera Ada Jeremiah, achimwene awo a Ama, amene G., mwamuna wanga, amawatchula kuti asibweni. Jekete, tayi, nsapato zili penipeni ngakhale kunja kuli matope okhaokha. Anagogoda chikhakha ndi chala n'kutchera khutu ngati akugula chivwende. Anati za achipatala sakuzinyoza, koma simenti ilibe pakamwa, singatiuze zimene zikuchitika mkati. "Pafunika nyoli."

Nyoli ndi nkhuku, zimenezo ndinamva. Ndinangoganiza kuti akufuna ndiwo za odwala.

Pabwalo panali nkhuku yanga yofiira, imene amayi anga anandipatsa pa Khirisimasi, ndinachoka nayo ku Ntcheu ili m'katoni pamiyendo. Anaiitana ndi gaga, anaigwira, ndipo ndisanafunse kanthu anaithyola mwendo wamanzere. Ndinakuwa. Anthu onse ananditembenukira ngati wolakwa ndine.

Anaimanga tinsungwi tiwiri ndi luzi, anaipaka mankhwala akuda a m'kabotolo. Otsalawo anapaka Ama kuzala ndi pabondo, poti pakati patsekedwa. Njira imeneyi akuti anaiphunzira kutsidya ku Mbamba Bay ali mnyamata, ndipo alumikiza nayo anthu ambiri. Lamulo lake ndi ili: tsiku limene nkhuku idzaponde ndi kupalasa ndi mwendo umenewo, ndiye kuti fupa la Ama nalonso lagwirana. Chikhakha chichoke.

Ndinagwada n'kuti, "Koma Ada, adokotala anati pa 21 Febuluwale."

"Adokotala akuwerenga kalendala, aNyaMbewe. Ife tikuwerenga fupa."

Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinalowa kukhitchini kukapsera mtima mapoto. Kwathu zoterezi sindinazionepo. Ndipo nkhuku ndi yanga, osandipempha n'komwe!

Lolemba, 14 Januwale

Nkhuku ili m'dengu pafupi ndi mphasa ya Ama. Odwala awiri, namwino mmodzi, ndipo namwinoyo ali ndi makope 84 osachonga.

Lachinayi, 17 Januwale

Tayamba kuzolowerana. Mmawa ndimawakhazika pampando kubafa, mwendo ndaukulunga pepala la pulasitiki n'kuusanjika pachidebe. Tsiku loyamba anakana kuti ndiwasambitse kumsana, akuti mkamwana saona msana wa apongozi. Lero anandipatsira okha chinkhupule, maso ali kumbali. Msana wawo ndi wochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Munthu amene amasenza mtolo wa nkhuni umene ine sindingaudzutse n'komwe.

Mkati mwa chikhakha mukuyabwa. Ndinawapeza akulowetsamo singano yanga yolukira, ndinawalanda. Masana ndinawapeza ndi kamtengo ka tsache. Sitandade 6 ndi yosavuta.

G. pafoni akuti, "Asibweni usalimbane nawo, koma chikhakhacho chisachoke." Ndinamufunsa kuti ziwirizo ndizichita bwanji nthawi imodzi. Akuti ndine wophunzira, ndiona mochitira. Zikomo kwambiri bambo a ku Joni.

Koma wanditumizira chithunzi cha nsapato zofewa zimene wawagulira Ama. Ndinawaonetsa, anayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kuti zikuoneka zoterera.

Lachiwiri, 22 Januwale

Zinthu ziwiri lero, zonse zandiimitsa mutu.

Choyamba. Pamsika ndinakumana ndi a Wallace, alangizi a ziweto. Ndinawafunsa ngati nkhani yocheza chabe kuti nkhuku yothyoka mwendo imapola masiku angati. "Ikakhala yaing'ono? Masabata awiri, atatu, ikuthamanga." Ndinawerenga ndi zala ndili pomwepo pa tomato. Ndiye kuti mwezi uno usanathe, kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, nkhuku iponda. Ama adzakhala atangofika theka la masiku awo.

Chachiwiri. Ama anandituma kudambo kuti ndikaone nazale yawo. Mbande zabiriwira, zafika pafupifupi chikhatho ndi theka. Nditawauza anati zikapitirira sabata yoyamba ya Febuluwale zikalamba, ukaziwokera sizibereka bwino. Ndinati tidzagula mpunga pamsika chaka chino, si mlandu. Ndinalakwitsa. Akuti mbewu imeneyo ndi faya amene anawasiyira mayi awo, chaka ndi chaka amasunga okha m'chigubu, ndipo yonse anafesa, sanasiyeko ngakhale ya m'manja. Ikafera panazale yatha.

Ndiye n'chifukwa chake maso awo sachoka padengu paja. Nkhuku akuidyetsa usipa wosinja kuti ipole msanga. Ine usipa umenewo ndinagulira anthu.

Lachinayi, 24 Januwale

Mmawa ndinaitulutsa kuseri kwa khitchini kuti ndikonze m'dengu. Inatsitsa phazi lija pansi. Inangogunda pang'ono n'kulikwezanso, koma ndinaona ndi maso angawa.

Kenako ndinachita chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite. Ndinatenga ulusi wakuda, ndinamanga kuphazi, n'kuudutsitsa pansi pa nthenga mpaka kuphiko, kuti mwendo uzikhala wopindika. Sukuoneka pokhapokha munthu atafukula nthenga. Ndinaibwezera m'dengu.

Ama anafunsa kuti, "Ili bwanji nyoli?" Ndinati chimodzimodzi.

Ine Mavis, wa kwaya, wophunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo, ndikunamiza gogo wodwala pogwiritsa ntchito nkhuku yolumala. Ndikuchita manyazi. Koma ndikaganiza za Ama akukoka phazi lokhota moyo wawo wonse, manyaziwo ndikhoza kuwasenza mpaka pa 21. Mwayi wake Ada Jeremiah apita ku maliro ku Usisya, palibe woifukula nthenga.

Lamulungu, 27 Januwale

Sindinaganize mbali iyi. Ama afooka.

Akuti masabata awiri akwana, nyoli sikuyesa n'komwe kuponda, ndiye kuti mwendo wawo sukugwirana. Dzulo anadya pang'ono, lero akankha mbale. Kuseka kuja kwatha, ngakhale kundinyoza kondowole asiya. Masana ndinawamva akulankhula ndi nkhuku m'Chitonga, motsitsa mawu. Sindinamve zonse, koma amaipepesa kuti ikuvutika chifukwa cha iwo.

Ndinayesa kuwalimbitsa mtima kuti zala zawo zaphwa, ululu wachepa, zonsezo ndi zizindikiro zabwino. Anati, "Inu mumandikonda, mukundinyengerera. Nyoli sinama."

Ndinatuluka panja. Nyoliyo ikunama, ndipo woinamitsa ndine.

Lachiwiri, 29 Januwale

Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti ndiulule. Kawiri konse ndafunsa ngati akufuna tiyi.

Lachitatu, 30 Januwale

Zaululika, ndipo moipa.

Ndikuchokera kusukulu cha m'ma 2 koloko, ndinaona nkhuku yofiira pabwalo ikupalasa ndi miyendo yonse iwiri, fumbi lili koboo. Ulusi inajompha mpaka kuduka, tinsungwi tikulendewera. Pakhonde Ama akuimba nyimbo ya Umanyano, nkhope ili ngwee, mwendo wauviika m'beseni la madzi. Pambali pali mpeni.

"ANyaMbewe, bwerani muone! Yaponda! Ine ndayesa kale, ndayenda kuchoka pamphasa mpaka pano. Simenti iyi ifewe tidule."

Makope ndinangowataya pansi. Ndinanyamula mwendo wawo, ndinakoka beseni n'kukhuthula madzi pabwalo, mpeni ndinauponya padenga. Sindinapemphe, sindinagwade. Chiyambire kubwera pamudzi pano sindinawakwezerepo mawu, koma lero ndinakuwa kuti fupa la nkhuku si fupa la munthu, kuti akadula chikhakhacho akupita ku Mzuzu kukaikidwa chitsulo.

Anati nanga bwanji nyoli inakana kuponda masiku onsewa n'kuvomera lero, si umboni umenewo? Pamenepo ndinagwada. Ndinawauza kuti inaponda kale Lachinayi lapitalo, ndipo ine ndinaimanga ulusi. Ndinatola kaulusi kaja pabwalo n'kuwaonetsa.

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye masiku onse aja ndimalira kuti mwendo wanga wafa, inu mukundipatsa tiyi, mukudziwa?"

Ndinati ee.

"Mwandinyenga m'nyumba mwanga."

Anakwawa okha kulowa m'nyumba, anakana kuti ndiwagwire. Chikhakha chafewa kuchidendene, ukachidina chikulowa. Aponda kangati, fupa lasuntha kapena ayi, sindikudziwa. Ndalira mpaka mutu ukuwawa.

Lachinayi, 31 Januwale

Sakundilankhula. Phala ndaphika ine, koma alandira kuchokera m'manja mwa aneba. Kuchipatala akana kupita. Ndodo zoyendera za kuchipatala ndaziika pafupi, mpeni wina uliwonse ndabisa m'chikwama cha kusukulu.

G. waimba. Akuti sindikanayenera kunamiza mayi ake. Ndinamuuza kuti akwere basi abwere adzaimange yekha nkhukuyo mwachilungamo. Ndinadula foni.

Lachisanu, 1 Febuluwale

Ndinapempha ahedi kuti ndisapite kusukulu, poti Ada Jeremiah abwera ndipo anatumiza mawu kuti andipeze pakhomo. Ndinakonzeka kutsukuluzidwa.

Ananditsukuluzadi. Anakhala pampando, chipewa pabondo, Ama pamphasa atandipatsa msana, ine pansi. Anati munthu wamkulu sanamizidwa ngati mwana, ngati ndinali ndi mawu ndikanapita kwa iwo. Ndinati ndinayankhula tsiku loyamba lija, anandiyankha za kalendala. Anatsokomola. Ndinapepesa kwa Ama, ndipo kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima.

Kenako anati ndiwagwirire nkhukuyo. Anaitembenuza, anapapasa mwendo, anayang'ana lipombo ndi zikhadabo. Nkhope inasintha.

"Nyoli iyi yaikirapo mazira?"

Ndinati ayi, ndi msoti, unaswedwa mwezi wa Juni.

Anagwira pakamwa. Akuti tsiku lija anangogwira imene inali pafupi, poti ndi yonenepa anaiyesa thadzi lalikulu. Lamulo la amene anawaphunzitsa ndi lakuti mwana umamuthyolera msoti, munthu wamkulu umamuthyolera nkhuku yokalamba, chifukwa mafupa a ana amathamanga. "Ndakuyezera ndi fupa la mwana, mlongo wanga. Kulakwa n'kwanga." Bambo wa tayi kuvomera kulakwa pamaso pa mkamwana! Ndinayang'ana pansi kuti asachite manyazi.

Koma sanathere pomwepo. Analoza tambala wathu wakale, wa nthenga zothothoka m'khosi, n'kuti tiyambirenso ndi ameneyo. Anayamba kale kupinda manja a jekete.

Ama anatembenuka koyamba chiyambire Lachitatu. "Cha! Nkhuku za pakhomo pano zisathere mwendo wanga. Imodzi yakwana." Kenako anati kaya msoti kaya tambala kaya dokotala, iwo Lolemba alowa m'dambo, chifukwa mbande sizidikira fupa la munthu.

Sindikudziwa kuti mawuwo anachokera kuti. Ndinati, "Ama, mpungawo ndiwokera ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu? Munalowapo m'matope inu?"

Ndinati ayi, kwathu timalima mbatatesi paphiri. Koma manja ndili nawo, iwo pakamwa ali napo. Akhale pamtunda azindiuza. Ine ndiwokere mpunga wonse, iwo asunge chikhakha mpaka pa 21. Ndikalephera, adzachite zimene akufuna.

Anaseka kaphwete, kosafuna. "Mudzandiphera mbewu." Koma sanakane.

Masana omwewo tinawakweza pakaliyala ya njinga ya Ada Jeremiah, iwo akukankha, ine nditagwira mwendo, mpaka kuchipatala cha pa Chintheche. Anamwino awonjezera chikhakha kuchidendene. Akuti ngati fupa lasuntha tidzadziwa pojambula pokha. Mtima uli m'mwamba, komabe lero ndapumako.

Loweruka, 2 Febuluwale

Msana! Ntchafu! Ngakhale cholemberachi chikulemera.

Tinafika kudambo dzuwa lisanatenthe. Ama tinawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, mwendo pachidebe, ambulera m'manja. Ambulerayo sanafunde, inali yolozera.

Phazi loyamba m'matope ndinamira mpaka m'bondo, ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Amayi a m'minda yoyandikana anasiya ntchito kuti aonere bwino. Kuzula mbande ndimadula mizu. Powokera ndimaika zambiri phando limodzi. "Ziwiri kapena zitatu, aNyaMbewe! Mukudzala tsache kodi?" Ndikazamitsa, akuti ndazikwirira. Ndikapanda kuzamitsa, zikuyandama n'kumanditsatira kumbuyo. Mzere wanga woyamba anati ukuoneka ngati njira ya munthu woledzera, ndizule ndiyambirenso. Ndinazula.

Msundu unandimata pakatumba. Ndinakuwa mpaka agalu anauwa kumudzi. Ama anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anandiitana, anauchotsa okha ndi fodya wawo wa m'kabotolo.

Pofika masana ndinali nditamaliza kachigawo kamodzi mwa zisanu. Ada Jeremiah anavula nsapato ndi tayi, anapinda buluku n'kulowa kudzandizulira mbande. Jekete sanavule.

Lachitatu, 6 Febuluwale

Kusukulu mmawa, kudambo masana. Ana a m'kalasi akufunsa chimene chachitika ndi zikhadabo zanga.

Zala zayamba kudziwa zokha. Lero Ama anakuwa kanayi kokha. Amayi awiri a minda ya pafupi, atamaliza kwawo, analowa kwathu n'kutenga mzere. Mmodzi anandiuza kuti tsiku loyamba ankabetcherana kuti sindibweranso.

Pobwerera Ama anandifotokozera za mayi awo, kuti ankawokera ali ndi mwana kumbuyo, ndipo mpunga umenewu ukamapsa fungo lake limafika kumsewu. Anayankhula njira yonse. Za ulusi sanatchule, inenso sindinatchule.

Loweruka, 9 Febuluwale

Tamaliza! Phando lomaliza ndawokera 11 koloko. Zimene ndinawokera Loweruka lapitalo zaimirira, zayamba kubiriwira, ngakhale za mumzere wokhota uja.

Ama anayang'ana munda wonse kuchokera pampando pawo n'kuti, "Chaka chamawa mudzachita bwino." Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira. Ndasangalala ngati mwana.

G. ndinamutumizira chithunzi ndili matope mpaka m'chiuno. Waimba, wapepesa. Ndamukhululukira theka.

Lachisanu, 15 Febuluwale

Akusunga pangano. Akumayenda ndi ndodo, phazi lili m'mwamba. Koma akuti nthawi zina pakakolo pamalasa. Ndikamva zimenezo ndimakumbukira masitepe aja anayenda pa 30. Ndinawafunsa kuti anali angati. Akuti mwina teni, mwina kupitirira, sanawerenge poti anali akuimba.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Mawa. Ndachapa chitenje chawo chatsopano. Iwo akuti akapezeka kuti ndi wa ku Mzuzu, ndisauze G. msanga, angasiye ntchito. Ndiye kuti nawonso akuopa.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Tinakwera minibasi yoyamba. Ada Jeremiah anatiperekeza, akuti akufuna akaone okha chithunzi chimene chimaona mkati mwa simenti.

Chikhakha anachidula ndi kamakina kolira kwambiri. Ama anatseka maso, anandigwira dzanja mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Mwendo unatuluka wowonda, wotuwa, khungu likusupuka, fungo lake losanena. Anauyang'ana n'kuti, "Uwu si wanga, mwandisinthira." Kenako kojambula, kenako pabenchi maola awiri.

A Fraser anakweza zithunzi ziwiri pawindo, chakale ndi chatsopano. Anaziyang'anitsitsa moti ndinayamba kuwerenga m'mutu zovala zoti ndilongedze za ku Mzuzu. Ndinaulula ndekha kuti anapondapo pa sabata yachitatu, ndiponso chikhakha chinanyowa. Anati, "Ndaona." Analoza. Nsonga imodzi inasuntha pang'ono, kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga. Koma kuzungulira pothyoka paja pali kamtambo koyera. Akuti limenelo ndi fupa latsopano, lagwira mbali zonse, ndipo phazi lili mowongoka. Akanapitiriza kuponda sabata ija, nkhani ikanakhala ina.

"Ku Mzuzu sapita. Ayambe kuponda pang'onopang'ono, ndi ndodo imodzi. Kumunda adikire mwezi wina."

Ada Jeremiah anavala magalasi, anayandikira pawindo mpaka mphuno kugunda chithunzi, anafunsa mafunso mpaka adokotala anawapatsa mpando. Ine ndinangokhala pabedi la odwala n'kuyamba kulira. Ama anati, "Nanga wothyoka ndi ndani pano?"

Kenako adokotala anati Ama aimirire tione. Ndinawagwira m'khwapa, iwo dzanja lina pandodo. Anatsitsa phazi pansi, zala zokha, n'kulikweza. Anatsitsanso, lonse, mpaka chidendene. Ndinamva thupi lawo likuchoka paphewa langa pang'onopang'ono. Sitepe imodzi. Yachiwiri. Ine ndili nganganga, ndawakumbatira ngati agwa pompo.

Anaima, anapuma, anayang'ana kukhomo. "ANyaMbewe, mwana wangu, ndisiyeni."

Ndinawasiya.